Mutu 5: Chala cha Asiatu

1. Abwana a m'dimba

Chaka chimenecho Mulungu anatambasula dzanja lake, ndipo mvula inagwa yokoma kwa Mponda. Kadimba ka kuseri kwa nyumba ya Mayi Ndaona kanangoti biriwiri. Munali therere, mpiru ndi tomato, koma chimene chinkaimitsa anthu pampanda chinali maungu.

Nthanga zake anabwera nazo okha Mayi Ndaona kuchokera kwawo ku Namwera, atazimanga pakansalu. Anabzala mapando atatu basi. Koma pofika mwezi wa February maunguwo anali atayanga dimba lonse, ena mpaka kukwera mpanda wa bango ngati akufuna kukaona magalimoto kumsewu.

Amene ankapalira ndi kuthyola nkhwani anali Keti, mwana wa mchimwene wawo, yemwe ankakhala nawo chifukwa cha sukulu. Keti anali Fomu 1, mtsikana wa miyendo yosakhazikika ndi pakamwa posatseka. M'mawa uliwonse, asanasukusule n'komwe, ankathamangira kudimba kukazonda dzungu limene linaposa onse kukula.

"Azakhali! Azakhali! Tabwerani mudzaone, Abwana anenepanso!"

"Iwe mwana, dzungu ungalitche Abwana?"

"Nanga taonani mimbayo. Angokhala phee pamthunzi, ife tikuwapalirira."

Mayi Ndaona anaseka mpaka kugwira mpanda. Anali mayi wamtali, wa mawu amphamvu, amene ankayambitsa nyimbo pa mapemphero a amayi kutchalitchi. Atatha kuseka anapukuta m'maso ndi nsonga ya chitenje n'kumuitana Keti pafupi.

"Tamvera, mwana wanga. Dzungu limenelo si lathu ayi. Tsiku limene ndinkabzala ndinalonjeza kuti lalikulu koposa lidzapita kutchalitchi pa Lamulungu la masika, ndipo ndidzalisenza ndekha. Tsono m'dimba muno muli malamulo. Nkhwani uzithyola wa m'mbali, nsonga usadule. Tsinde usalumphe, uzizungulira. Koma chachikulu ndi ichi: dzungu likamakula saliloza ndi chala. Ukaloza limanyala, kenako n'kuola. Amayi anga anandiuza choncho, iwonso anauzidwa ndi amayi awo. Ukafuna kuonetsa munthu, loza ndi mlomo kapena ndi nkhonya. Wamva?"

"Ndamva, azakhali."

"Anzakonso uziwauza. Sindifuna kudzalira ndi dzungu la Mulungu."

Keti anavomera ndi mutu. Koma anzake sanawauze, pakuti anaiwala.

2. Loweruka lija

Mnzake wapamtima wa Keti anali Asiatu, mwana wa Abiti Uladi, amene ankakhala kuseri kwa mzikiti. Awiriwa ankakhala desiki imodzi kusukulu, ankagawana chinangwa chimodzi, ndipo anthu ankati ukaona mmodzi usafunse za winayo, ali pambuyo.

Loweruka m'mawa Asiatu anadzera kwa Keti pochokera ku madarasa, mpango wake wobiriwira uli pamutu.

"Iwe, tiye ndikakuonetse Abwana!" anatero Keti, n'kumukoka dzanja.

Atafika, Asiatu anagwira pakamwa.

"Aaa! Keti, limeneli ndi dzungu kapena mwabisa mbuzi m'masamba?"

"Ndiye sanathe kukula amenewa. Pofika masika adzafuna kabaza wawowawo."

"Kabazayo adzaphulika tayala!"

Anaseka onse awiri. Kenako Asiatu ananjuta kuti alione bwino, ndipo kuseka kwake kunaduka. Maso ake sanali padzungu. Anali patsinde, pafupi ndi nthaka, pamene panaunjikana tinthu tachikasu tonyowa, tooneka ngati utuchi.

"Keti, taona apa. Izi zayamba liti?"

"Ziti?"

"Izi, apa!"

Asiatu anatambasula chala n'kuloza. Mwatsoka, Abwana anagona pomwepo, pafupi ndi tsindelo. Nthawi yomweyo Mayi Ndaona anatulukira pangodya ya nyumba atanyamula beseni la zovala. Beseni lija linagwa pansi kuti phwa!

"Mayo ine! Iwe mwana iwe, chotsa chalacho! Ukuloza dzungu langa? Kwanu sanakuphunzitse?"

"Amayi, ine sindimaloza dzungu, ndimati..."

"Ndakuona ndi maso angawa! Ukufuna kunditsutsa pakhomo panga?"

Asiatu anacheukira Keti. Keti ankadziwa bwino lomwe chimene mnzake ankaloza, koma anali asanawaonepo azakhali ake atakwiya chotero. Pakamwa pake, pamene tsiku lililonse sipankatseka, panauma kuti gwa. Anangoyang'ana pansi. Asiatu anakonza mpango wake n'kutuluka osatsanzika.

Dzuwa litafika pamutu, masamba a phando la Abwana anagwetsa makutu onse, ali lende ngati nsalu yonyowa. Nthaka inali ndi chinyezi chokwanira, pakuti mvula inali itagwa dzulo lake.

"Waona?" anatero Mayi Ndaona. "Mawu a akuluakulu amakoma akagonera. Awa sanagonere n'komwe."

Madzulo ake anapita kumjigo mtima uli wotentha, ndipo kumeneko anakhuthula zonse pamaso pa amayi otunga madzi. Anati mwana wa Abiti Uladi ali ndi chala choipa. Pobwerako anamuuza Keti kuti Asiatu asadzapondenso pakhomo pawo, ndipo iyeyo asadzapitenso kwawo kwa Asiatu.

Lolemba kusukulu Keti anapeza Asiatu atasamukira kudesiki ya kumbuyo. Nthawi yopuma anyamata ena anayamba kubisa mabuku awo akamuona Asiatu, amvekere, "Bisani, bisani, angaloze!" Asiatu sanalire. Koma iye sanamuyang'ane Keti ngakhale kamodzi.

3. Kudimba kwa Che Uladi

Njira ya kusukulu inkadutsa m'madimba a m'mbali mwa Shire. Lachinayi poweruka, Keti anaona Che Uladi, agogo ake aamuna a Asiatu, amene ana onse ankawatchula kuti anganga. Anali atawerama pakati pa mavwende awo, kofia woyera ali pamutu. Keti anafuna kudutsa mozemba, koma iwo anali atamuona kale.

"Mwana wa kwa Mayi Ndaona, lero ukudutsa ngati mphepo? Tabwera."

Keti anafika n'kugwada.

"Mwaswera bwanji, anganga?"

"Ndaswera bwino. Mdzukulu wanga wandiuza zonse. Tandiuza iwe tsopano, masamba akuchita bwanji?"

"Masana akufota, madzulo akudzukako. Koma dzulo sanadzuke bwino. Mapando enawonso ayamba."

"Patsinde pali zonga utuchi?"

"Zilipo, anganga."

Che Uladi anaseka pang'ono n'kukhala pamzere.

"Tsono tchera khutu. Chala cha munthu chilibe poizoni. Makolo anaika lamulo lija kuti ana asamagwiregwire maungu ang'onoang'ono, ndipo anachita bwino. Koma chimene chikupha maungu anu chili m'kati mwa tsinde. Ndi mbozi, mbale wake wa kapuchi uja wa m'chimanga. Kachilombo kouluka kamaikira mazira patsinde, pafupi ndi nthaka. Dzira likaswa, kambozi kamaboola n'kulowa. M'katimo ndi mmene mumadutsa madzi opita kumasamba, ndipo iko kamadya njira yomweyo. Utuchi umene mdzukulu wanga ankaloza ndi zimene kamataya pakhomo pake. Inu m'buku lanu muli nkhani ya mneneri amene mthunzi wake unauma chifukwa cha kambozi kamodzi. Ifenso mneneri ameneyo timamudziwa. Nkhaniyi si yachilendo."

Keti anadzuka osadziwa kuti wadzuka.

"Ndiye tipopere mankhwala!"

"Mankhwala angosambitsa masamba. Mwini wake ali m'nyumba, watseka chitseko. Pamafunika opaleshoni."

"Opaleshoni? Ya dzungu?"

"Eya. Khala pansi, dokotala."

Anatola tsinde louma n'kumuonetsa.

"Dzuwa likapendeka, upeze kabowo pamene pali utuchi. Ung'ambe ndi lezala motsata tsinde, chonchi, ngati ukutumbula usipa. Usadule chopingasa, ukatero wapha wekha. Usabayenso mpaka kutulukira mbali inayo. Ukapanda kuipeza pomwepo usataye mtima, imakwera. Tsata mphako pang'onopang'ono. Ukaipeza, itulutse ndi munga. Kenako ubweze tsinde pamodzi, ukwirire balalo ndi dothi lonyowa. Ukwirirenso mfundo zingapo kutsogolo, kuti zitulutse mizu yatsopano. Dzungu ndi chomera chokhululuka, ukalipatsa dothi limayambanso. Limene laoleratu uzule n'kutentha, usaponye kudzala. Ndipo chaka chamawa maungu mubzale pena."

Anapisa m'thumba la malaya n'kutulutsa lezala latsopano, likadali m'pepala lake. Keti analilandira ndi manja awiri, mapazi akuyabwa kale.

"Zikomo, anganga! Lero Lachinayi, azakhali ali ku mapemphero a amayi. Ndikathamanga ndikamaliza asanabwere!"

"Ima pomwepo!"

Mawuwo anatuluka olimba, ndipo Keti anaima.

"Mwana iwe, mbalame yothamangira msampha siona ulimbo. Ukang'amba mobisa, dzungu n'kufa, azakhali ako adzati chiyani? Adzati chala chinayamba, lezala la kwa Uladi linamaliza. Likachira, adzati lachira lokha, ndipo mdzukulu wanga adzakhalabe wa chala choipa mpaka adzakwatiwe. Chinthu choona sichifuna mdima. Loweruka unali ndi pakamwa koma sunalankhule. Lero lezala lisalankhule m'malo mwako. Uyambe iwe, utagwada, pamaso pawo. Akakana, bweza lezala langa. Dimba ndi lawo."

4. Lezala m'thumba

Keti anathamanga njira yonse, chikwama chikumumenya kumsana. Anapeza pakhomo pali zii, nkhuku zokha zikupalasa. Anaponya chikwama pakhonde n'kulowa m'dimba.

Abwana anali pomwe paja, koma masamba owazungulira anali atagona pansi. Utuchi unali utachuluka. Keti ananjuta, anamasula lezala m'pepala, analiyandikiza patsinde. Panalibe womuona. Kabowo kanali apo, kakuda, kakumuitana.

Koma mawu a anganga anamubwerera m'makutu. Kenako anakulunganso lezala lija, analiika m'thumba la yunifolomu, n'kutuluka m'dimbamo chobwerera m'mbuyo ngati munthu wothawa njoka.

Kuti manja asamuvute, anasesa bwalo. Anatsuka mbale zotsukatsuka kale. Anatunga madzi mpaka ndowa zonse zinadzaza. Kanthawi kalikonse ankasuzumira kunjira.

Potsiriza anamva nyimbo ikubwera chapansipansi, ndipo Mayi Ndaona anatulukira atavala zoyera zawo za kumapemphero. Keti anawalandira chikwama, anawayalira mkeka, anawapatsa madzi akumwa. Kenako anagwada.

"Lero kwagwanji?" anafunsa Mayi Ndaona. "Bwalo loyera chonchi, waswa chiyani?"

"Sindinaswe kanthu, azakhali. Ndili ndi mawu."

"Lankhula."

"Loweruka lija Asiatu sankaloza dzungu. Ankaloza patsinde, pamene pakutuluka zonga utuchi. Ine ndinaona, koma ndinachita mantha. M'tsindemo muli mbozi. Anganga Che Uladi andiuza kachotsedwe kake."

Nkhope ya Mayi Ndaona inasintha.

"Ndinati usapitenso kumeneko."

"Kunyumba kwawo sindinapite. Anandiitana kudimba, pobwera kusukulu. Anandipatsa ili."

Anatulutsa lezala n'kuliika pamkeka.

"Ndinapeza inu kulibe. Ndikanatha kung'amba, koma sindinang'ambe. Ndikupempha mundilole, inu mukuona."

Mayi Ndaona anayang'ana lezala, anayang'ana mwanayo. Nkhuku ina inafika kudzajompha m'mphepete mwa mkeka.

"Ukufuna kutumbula dzungu limene ndinalonjeza kwa Mulungu?"

"Tikalisiya lifa ndithu, azakhali. Taonani masamba."

"Nanga ukang'amba osapezamo kanthu?"

Keti anadzutsa mutu.

"Mudzanene chimene mufuna."

"Chabwino. Wandidikira, ndiye ndikulola. Koma umve bwino. Ukapanda kupezamo mbozi, dzina la Asiatu lisadzatchulidwenso pakhomo pano. Ngakhale kutulo usadzalilote mokweza. Wavomera?"

"Ndavomera."

"Tiye."

5. Opaleshoni

Mayi Ndaona anamangira chitenje pamwamba pa zoyera zawo n'kuima pambali, manja ali m'chiuno. Keti anathyola munga pamtengo wa pampanda, anabweretsa ndowa ya madzi, n'kugwada patsinde.

"Tiyambe tapemphera," anatero Mayi Ndaona. "Ngakhale madokotala enieni amapemphera."

Anapemphera mwachidule, kupempha Mwini zomera zonse kuti aonetse choona. Keti anayankha ameni wamkulu kuposa masiku onse.

Lezala linalowa mosavuta. Tsinde linatseguka ngati nyemba, ndipo munatuluka fungo la chinthu choola. M'katimo munali mphako yakuda, yodzaza ndi utuchi wonyowa. Keti anatokosa ndi munga. Anatokosanso.

Munalibe kanthu.

"Hmm," anatero Mayi Ndaona.

Keti sanaleke. Anang'amba pang'ono kutsogolo. Munali mphako yokhayokha.

"Basi, mwana wanga, walivulaza mokwanira. Dzuka."

"Pang'ono pokha, azakhali! Anati imakwera!"

Anasuntha ndi mawondo, anatsata mphakoyo mpaka pafupi ndi mfundo yoyamba. Lezala litangodutsa, chinachake choyera chinagwedezeka m'katimo n'kudzikoka.

"Iyo! Iyo! Azakhali, iyo!"

"Kuti? Kuti?"

Keti anabaya ndi munga n'kukoka pang'onopang'ono. Inatuluka mbozi yonenepa, yoyera ngati mafuta, ya kamutu kofiirira, ikudzipinda uku ndi uku.

"Mayo! Yesu wanga!" Mayi Ndaona analumpha chambuyo mpaka kuponda therere. "Chinthu chimenechi chinali m'dzungu langa? Chikudya ine ndikuimba?"

Keti anaimirira mbozi ili kumunga, n'kuyamba kuvina pakati pa mizere.

"Wakuba uja ndi ameneyu! Taonani kunenepa! Ameneyu ndiye Abwana enieni!"

Anaiponya kunja kwa mpanda. Nkhuku zinaithamangira, tambala n'kuitola, zinazo zikumulondola bwalo lonse.

"Usataye nthawi, tseka balalo!" anakuwa Mayi Ndaona. Anagwada okha, osasamalanso za zoyera zawo, n'kuyamba kukumba dothi ndi manja. Keti anabweza tsinde pamodzi, iwo anakwirira. Anathira madzi. Anakwiriranso mfundo zina kutsogolo, monga ananenera Che Uladi.

"Patse kuno lezalalo. Phando linalo ndichita ndine."

"Motsata tsinde, azakhali, osati chopingasa!"

"Iwe, ndinayamba kutumbula nsomba usanabadwe."

M'phando lachiwiri anapezamo ziwiri. Iliyonse ikatuluka Mayi Ndaona ankalulutira, nkhuku n'kumakanganirana. Mwana wa nyumba yoyandikana anakwera pampanda kudzaona ngati kwabadwa mwana. Phando lachitatu analipeza litaoleratu, tsinde likungophwanyika m'manja. Analizula n'kuliunjika pambali kuti aliotche.

"Nanga Abwana achira?" anafunsa Keti.

"Ife tachita mbali yathu. Womeretsa mizu ndi wina."

Atanena zimenezi Mayi Ndaona anakhala pansi pamzere. Anayang'ana manja awo odzaza matope, ndipo chimwemwe chija chinatsika pankhope pawo pang'onopang'ono.

"Ndiye kuti mwana uja ankatichenjeza," anatero motsitsa mawu. "Tikanamumvera Loweruka, phando ilinso likanapulumuka. Keti, thamanga. Kamuitane abwere."

6. Pakhomo pa Abiti Uladi

Keti sanasambe n'komwe m'manja. Anadutsa pa chigayo, anadutsa pamzikiti, akufuula asanafike.

"Asiatu! Asiatu! Taipeza! Zitatu!"

Pakhonde anapeza Abiti Uladi akupeta mpunga. Anali mayi wamfupi, wofatsa, amene masiku onse ankamulandira Keti ndi chitumbuwa. Lero sanamwetulire. Keti anagwada, mpweya ukumuthera.

"Amayi, mbozi taipeza. Asiatu sanalakwe. Azakhali akuti abwere."

Abiti Uladi anapitiriza kupeta. Atamaliza anaika lichero pansi.

"Keti, iwe ndiwe mwana wanga. Wadya m'nyumba muno, ndipo udzadyanso. Ndakondwa kuti mwaipeza mbozi yanuyo. Koma tamvera. Azakhali ako sanamunenere mwana wanga m'dimba mokha. Anakamunenera kumjigo, pamene pamakumana mudzi wonse. Dzulo ndinamutuma kukagula tomato, wogulitsa anaphimba tomato wake ndi nsalu. Mayi wina anabisa khanda lake kumbuyo. Mwana wa zaka khumi ndi zinayi, ukumva? Ukayenda siya phazi, ukasiya mlomo umakutsata. Tsono iwo akufuna mwana wanga alowere kuseri kwa nyumba, amupepese pakati pa therere, kumjigo kukhale momwemo? Ayi. Ife ndi iwo takhala bwino zaka zonsezi. Pa Idi amadya kwathu, pa Khirisimasi timadya kwawo. N'chifukwa chake ndikunena mosabisa. Mawu anatayikira kumjigo, akatoledwe kumjigo komweko. Zikapanda kutero, Asiatu sapondako kwanu, ndipo desiki ija asabwerereko. Kawauze momwemo, usachotsepo kanthu."

Keti anadzuka. Akudutsa pambali pa nyumba, anamva kunong'ona pazenera.

"Psss! Iwe!"

Anali Asiatu, diso limodzi lokha likuoneka pakatani.

"Inali yaikulu bwanji?"

Keti anamuonetsa chala chake chamkombaphala.

"Bodza!"

"Zoona! Tambala mpaka anatsamwa nayo." Keti anayandikira pazenera. "Asiatu, Loweruka lija ndinakulakwira. Ndinakhala chete."

"Ndikudziwa. Ndinalipo."

Katani inatsekeka.

Kunyumba Keti anapeza azakhali ake akutentha phando loola lija. Anagwada n'kunena zonse, osachotsapo kanthu, ngakhale za tomato ndi za khanda. Ankayembekeza mkuntho, pakuti Mayi Ndaona anali asanapepesepo munthu pagulu chibadwire. Kumjigo kuja kunkatunganso amayi a kutchalitchi, omwe aja ankawayambitsira nyimbo.

Mayi Ndaona anawerama. Anasonkhezera moto ndi kamtengo mpaka masamba onse anapsa. Kenako anapita pakhonde, ananyamula ndowa yodzaza madzi, analowa nayo m'dimba n'kuikhuthula yonse pa therere. Anabwerera, anatenga yachiwiri, n'kuchitanso chimodzimodzi.

"Azakhali, madzi amenewo ndatunga lero lomwe!"

"Ndaona. Tsopano ndowa zilibe kanthu. Tenga imodzi."

Zoyera zawo zinali ndi matope m'mawondo, koma sanasinthe. Anatsogola, Keti akutsatira pambuyo. Asanakhote pa mtengo wa mango anayamba kumva phokoso la kumjigo, zigubu zikugundana, amayi akuseka. Inali nthawi imene aliyense amatunga madzi a madzulo.

Atangotulukira, kuseka kuja kunaduka. Mayi amene ankapopa anasiya chogwirira chili m'mwamba n'kutembenuka. Anali Abiti Uladi.

Mayi Ndaona anatula ndowa yawo pakati pa bwalo, anakonza kukhosi monga amachitira poyambitsa nyimbo, n'kunena kuti, "Amayi, tasiyani kaye kutunga."